Chaona mnzako chapita: Mavuto a alimi a ku America m'zaka za m'ma 1930 ndi phunziro lake kwa ife

Alimi anzanga a ku Nathenje, Mitundu ndi madera ozungulira, tikamva dzina loti America ambiri timaganiza za dziko la mwanaalirenji, dziko limene linatitumizira chimanga chachikasu pa chilala cha 1992. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti pakati pa 1929 ndi 1939 alimi a dziko lomwelo analandidwa minda kaamba ka ngongole, anthu a m'mizinda anagona ndi njala nkhokwe za alimi zili zodzaza, ndipo ena anaona nthaka ya m'minda mwawo ikuuluka ndi mphepo. Mavuto amenewa anafika mpaka kuno ku Lilongwe, ndipo ngakhale mizere imene timaunga chaka ndi chaka mbiri yake imakhudzana ndi zaka zimenezo.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'phunziro la sabata ino tiona chimene chinachitika, chifukwa chake, ndi zimene mlimi wa ekala imodzi kapena ziwiri angatolepo.

Mmene vuto linayambira

Mabuku ambiri amati mavuto a zachuma a ku America anayamba mu Okutobala 1929, pamene mitengo ya masheya inagwa pa msika wa ku New York. Izi ndi zoona kwa anthu a m'tauni. Kwa alimi vuto linali litayamba kale.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, maiko a ku Ulaya sankatha kulima chakudya chokwanira, motero mtengo wa tirigu unakwera kwambiri. Alimi a ku America ataona ndalama, anatenga ngongole kumabanki n'kugula mathirakitala ndi malo ena. Anagalauza madambo aakulu a udzu m'zigawo za Kansas, Oklahoma, Texas, Colorado ndi New Mexico, malo a mvula yochepa amene kale anali odyetserako ziweto.

Nkhondo itatha mitengo inatsika, koma ngongole inatsala pomwepo. Tsono mlimi aliyense anaganiza zokuza munda kuti apeze ndalama zobwezera. Onse atachita chimodzimodzi, tirigu anachuluka pa msika ndipo mtengo unatsikiratsikira. Muyeso wawo wa tirigu, wolemera makilogalamu pafupifupi 27, umene mu 1929 unkagulidwa pa dola imodzi, pofika 1932 sunkakwana ndi masenti 40 omwe. Thonje linatsika kuchoka pa masenti pafupifupi 17 pa paundi mu 1929 kufika pa masenti 6 mu 1931. M'madera ena a chimanga monga Iowa, anthu ankasonkhezera moto ndi chimanga chifukwa chinali chotsika mtengo kuposa malasha.

Moyo wa anthu m'zaka zimenezo

Pakati pa 1930 ndi 1933 mabanki pafupifupi 9,000 anatsekedwa, ndipo anthu ambiri amene anasungitsako ndalama anangogwira njakata. Pofika 1933 munthu mmodzi mwa anayi alionse oyenera kugwira ntchito anali pa ulova. M'mizinda anthu ankaima pa mzere kudikira buledi ndi msuzi waulere. Amene anathamangitsidwa m'nyumba za lendi anamanga zisakasa za malata akale ndi makatoni, ndipo midzi ya zisakasayo anaitcha dzina la pulezidenti wa nthawiyo, Herbert Hoover, pomunyoza.

Achinyamata ambiri anaimika maukwati, ndipo ana obadwa anachepa. Amayi a kumidzi ankasoka madiresi ndi nsalu za matumba a ufa. Masukulu ena anatsekedwa, aphunzitsi kukhala miyezi osalandira malipiro.

Banki ikalanda munda wa munthu, inkaugulitsa pa okushoni pamodzi ndi ziweto ndi zipangizo. Apa alimi anaonetsa umodzi. Anthu a m'deralo ankabwera ambiri pa tsiku la malonda, n'kugwirizana kuti aliyense atchule timasenti tochepa chabe. Wobwera amene wafuna kukweza mtengo ankamuyang'ana ndi diso lofiira mpaka akhale chete. Katundu akagulidwa motchipa choncho, ankamubwezera kwa mwini wake.

Nthaka itayamba kuuluka

Pamwamba pa mavuto a mitengo panabwera chilala, chimene chinayamba cha m'ma 1931 ndipo chinakula kwambiri mu 1934 ndi 1936. Udzu wachilengedwe wa m'madambo aja unali ndi mizu yozama imene inkamanga nthaka ngakhale pa chilala. Udzuwo unali utapita ndi makasu a mathirakitala. Tirigu atauma, nthaka inatsala pambalambanda, youma ndi yosalala ngati ufa. Mphepo itaomba, inainyamula.

Mu Meyi 1934 fumbi lochokera m'minda imeneyi linafika ku Chicago ndi ku New York, mtunda wa makilomita oposa 2,000. Pa 14 Epulo 1935 kunabwera chimtambo cha fumbi chimene chinadetsa kunja masana ngati usiku, ndipo tsikulo mpaka lero amalitcha Lamulungu Lakuda. Anthu ankapachika nsalu zonyowa m'mawindo. Ana ndi okalamba ankadwala chibayo cha fumbi. Ng'ombe zinkafa, mipanda kukwiririka ndi mchenga. Dera lonselo linapatsidwa dzina loti Dust Bowl, kunena kuti mbale ya fumbi.

Pofika 1940 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anali atachoka m'zigawo za madambo zimenezo. Ena anapita ku California kukagwira ganyu yothyola zipatso ndi kutola thonje, anthu amene dzana anali ndi minda yawoyawo.

Tionetsetse apa: chilala sichinali chachilendo m'deralo. Chinali chitabwerapo kale nthaka osauluka motere. Chimene chinasintha ndi kalimidwe.

Zimene boma lawo linachita

Franklin Roosevelt atalowa pa mpando mu Marichi 1933, boma lake linayamba ndondomeko zingapo.

Mu 1933 momwemo linakhazikitsa lamulo lolipira alimi kuti achepetse zolima, pofuna kukweza mitengo. Thonje la pa maekala pafupifupi 10 miliyoni linakwiriridwa lili m'munda, ndipo nkhumba pafupifupi 6 miliyoni zinaphedwa. Mitengo inakweradi, koma ambiri anadandaula poona chakudya chikuonongedwa anthu ali ndi njala. Chinanso, ndalama za boma zinkapita kwa eni malo. Kummwera kwa dzikolo, eni minda ya thonje atalandira ndalamazo anachotsa matenanti awo, ambiri mwa iwo anthu akuda, chifukwa sankawafunanso. Amene munagwirapo utenanti m'maesiteti a fodya mukudziwa kuti zinthu zikavuta, woyamba kulira ndi tenanti.

Chaka chomwecho boma linayamba kuteteza ndalama za anthu zosungidwa m'mabanki. Linalembanso anyamata osowa ntchito kuti azibzala mitengo ndi kutseka zigwembe. Mu 1935 linayambitsa penshoni ya okalamba ndi ntchito yofikitsa magetsi kumidzi, popeza pa nthawiyo munda umodzi wokha mwa khumi ndiwo unali ndi magetsi.

Chofunika kwambiri kwa ife ndi chimene chinachitika pa 27 Epulo 1935, pamene anakhazikitsa nthambi yoteteza nthaka yotchedwa Soil Conservation Service, motsogozedwa ndi katswiri wa za nthaka Hugh Bennett. Alangizi a nthambiyi anaphunzitsa alimi kulima mopingasa chitunda, kusinthasintha mbewu, kusiya mapesi m'munda ndi kubwezeretsa udzu pamalo osayenera kulimidwa. Pakati pa 1934 ndi 1942 anabzala mitengo yoposa 200 miliyoni m'mizere yotchinga mphepo. Kuyambira 1937 alimi eni ake anayamba kupanga magulu a m'madera oyang'anira ntchito yoteteza nthaka, ndipo boma linkalipira mlimi amene watsatira malangizo. Mvula inabwerera bwino cha m'ma 1939 ndi 1940, koma chuma cha dzikolo chinadzuka kwenikweni ndi ntchito za nkhondo yachiwiri.

Mavutowo atafika ku Lilongwe

Pa nthawi imeneyo agogo athu m'boma la Lilongwe anali atangoyamba kumene kulawa ndalama za fodya wa chikopa. Ulimiwu unafala m'zaka za m'ma 1920, pamene mzungu wina, A.F. Barron wa ku Mbabzi, ankagawa mbande kwa anthu a m'midzi n'kumagula fodya wawo. Alimi anachuluka msanga, ndipo mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimiwu. Bungwe limeneli ndilo gwero la mabungwe amene pambuyo pake anabala Farmers Marketing Board mu 1962 ndi ADMARC mu 1971.

Malonda a dziko lonse atagwa, mtengo wa fodya wathu unagwa nawo. Bungwe lija linachepetsa misika ndi chiwerengero cha alimi ololedwa kulima, motero munthu ankasenza fodya mtunda wautali kukamugulitsa pa mtengo wolira nawo. Koma msonkho wa masheleni 6 sunatsike. Mu 1937 alimi a fodya m'boma lino anachita zipolowe kaamba ka mitengo, ndipo mu 1938 malonda a fodya a pa okushoni anayamba ku Limbe. Amuna ambiri anathawira ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Komiti ya boma imene inafufuza nkhaniyi mu 1935 inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a dziko lino anali kunja. Ena mwa iwo sanabwerere, ndiwo machona amene mabanja ambiri amawakumbukabe.

Nkhani ya fumbi la ku America inaopsa akuluakulu a zamalimidwe m'maiko onse olamulidwa ndi Britain. Kuno kwathu makolo ankabzala pa matutu. Atsamunda anati matutu akukokolotsa nthaka, ndipo ndi lamulo la 1946 anayamba kukakamiza anthu kuunga mizere yopingasa chitunda ndi kukumba migula. Wokana ankalipitsidwa, kumangidwa, pena kuzuliridwa mbewu. Anthu anadana nawo malimidwewo, ndipo mkwiyo wake unathandiza kukoleza moto wa ndale zomenyera ufulu m'zaka za m'ma 1950.

Taonani kusiyana kwake. Nzeru inali imodzi, koma ku America mlimi ankalipidwa ndi kupatsidwa mpando m'gulu loyendetsa ntchitoyo, pamene kuno ankaopsezedwa ndi ndende. Ntchito yokakamiza imatha tsiku limene kapitawo wachoka. Chodabwitsa n'chakuti mizereyo inakhazikika ndithu, koma ambiri tinatola mzere n'kuiwala cholinga chake. Lero si zachilendo kuona mizere yoloza kumtsinje, imene m'malo mosunga madzi imawatsogolera.

Pambuyo pa ufulu, chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chimene chinayamba mu 1968 chinabweretsa misewu, zitsime, misika, ngongole ndi ngalande zopatutsa madzi. Sukulu ya zaulimi ya Bunda, pafupi ndi Mitundu, inamangidwa m'zaka zomwezo ndi thandizo lochokera ku America komweko. Nzeru zili pakhomo pathu, chotsala ndi kuzigwiritsa ntchito.

Phunziro loyamba: phimbani nthaka

Kwathu kuno mdani wamkulu si mphepo koma madzi. Komabe chiyambi chake n'chimodzi: nthaka ya pambalambanda. Tikatentha mapesi posaka mbewa kapena pofuna kusosa msanga, mvula yoyamba ya Novembala imamenya dothi lopanda chofunda. Madzi ofiira amene mumaona akuthamanga m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje si madzi chabe, ndi chonde cha m'minda mwathu pamodzi ndi feteleza amene tinagula modula. Dothi la pamwamba limatenga zaka mazana kuti lipangike, koma lingathe kupita m'dzinja limodzi. Mapesi a chimanga, masangwi a mtedza ndi a soya akwirireni kapena ayaleni m'munda. Mapesi a fodya okha ndiwo oyenera kuzulidwa ndi kuonongedwa pofuna kupewa matenda.

Phunziro lachiwiri: mizere itsate kalozera

Chipangizo choyezera mungachipange nokha. Tengani timitengo tiwiri towongoka totalika mamita awiri, mutimange pamwamba, ndipo kachitatu kapingase pakati kuti chioneke ngati chilembo cha A. Pamwamba mangani chingwe chokhala ndi mwala kumapeto. Chiimikeni pansi n'kulemba pamene chingwe chakhudza kamtengo kopingasa. Kenaka sinthanitsani miyendo pamalo omwewo n'kulembanso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiye pa mlingo.

Yambirani kumtunda kwa munda. Yendetsani chipangizocho mopingasa chitunda, n'kumakhoma chikhomo paliponse pamene chingwe chagwera pa mlingo. Ungani mzere waukulu motsata zikhomozo, ndiye kalozera wanu, ndipo mizere ina yonse itsate iyeyo. Pamalo otsetsereka kwambiri akalozera ayandikane. Mvula ikakhazikika bzalanipo udzu wa vetiva motalikana masentimita 10 mpaka 15. Pakati pa mizere ikani timizere totseka kuti madzi aime n'kulowa pansi. Mizere ya chimanga italikane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Mukatero mumakhala ndi mapesi oposa 53,000 pa hekitala.

Phunziro lachitatu: mitengo m'munda

Anzathuwo anabzala mitengo atataya kale nthaka. Ife tisadikire zimenezo. Msangu umayoyola masamba m'dzinja, motero suphimba chimanga koma umachipatsa chonde. Gliricidia ndi nandolo zimaonjezera chakudya cha mbewu m'nthaka. Zitsa zimene zikuphukira m'munda musazitenthe, zitengulireni zikule. M'mphepete mwa mitsinje siyani udzu, nsungwi ndi mitengo, ngakhale dimba likome bwanji.

Phunziro lachinayi: mbewu imodzi ndi msampha

Mlimi wa tirigu yekhayekha ndi mlimi wa chikopa chokhachokha anagwa tsiku limodzi, ngakhale anali kutali ndi kutali. Mtengo wa fodya sitiupanga ife, umapangidwa ndi ogula a kunja. Choncho gawani munda: chimanga cha chakudya choyamba, kenaka mtedza, soya kapena nyemba, kachigawo ka mbatata ndi chinangwa, ndipo mbewu ya malonda ibwere pamwamba pa zimenezi. Nkhuku, mbuzi ndi nkhumba ndi nkhokwe yoyenda, komanso zimapereka manyowa. Chilala cha 1992, njala ya 2002 ndi ng'amba ya 2024, imene inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, zonsezi zinapweteka kwambiri mabanja odalira chimanga chokha.

Phunziro lachisanu: ngongole iwerengedwe m'matumba

Musanasaine ngongole, dzifunseni kuti ndi matumba angati a mbewu amene mudzagulitse kuti muibweze. Ngati lero ikufanana ndi matumba 10, ndiye kuti mtengo ukatsika ndi theka mudzafunika matumba 20, osawerengera chiwongola dzanja. Ngati munda wanu sungathe kutulutsa matumba amenewo n'kutsalanso chakudya cha banja, chepetsani ngongoleyo. Ambiri tikukumbuka mmene ngongole za makalabu zinasokonekera pambuyo pa chilala cha 1992. Ngongole ya katapila ndiye musayerekeze n'komwe.

Pali kusiyana kumodzi kofunika kukudziwa. Ku America m'zaka zija mitengo ya zinthu inkatsika, ndalama n'kumakula mphamvu. Kwathu vuto limabwera mwina: kwacha ndiyo imachepa mphamvu, monga zinachitikira mu 1994 ndiponso mu Novembala 2023 pamene inagwa ndi 44 peresenti. Choncho ndalama za fodya kapena soya zisagone m'thumba kudikira Novembala. Gulani feteleza ndi mbewu mukangogulitsa, zotsala musandutse chiweto.

Phunziro lachisanu ndi chimodzi: mutu umodzi susenza denga

Alimi amene anapulumutsa minda ya anzawo pa okushoni anatero chifukwa chogwirizana. Ifenso mlimi mmodzi wofika pa msika wa Mitundu ndi thumba limodzi panjinga amalandira mtengo umene venda wanena, pa sikelo imene venda wabweretsa. Kalabu kapena kopaletivi ya matumba 200 imatha kukambirana mtengo ndi kusunga mbewu mpaka mitengo itakwera. Kugulitsa chimanga mu Meyi n'kudzachigulanso modula mu Januwale ndi kudzibera wekha. Nayonso ntchito yoteteza nthaka siyenda munthu ali yekha, chifukwa madzi ochokera m'munda wa mnzako wa kumtunda ndiwo amakumba chigwembe m'munda mwako. Nkhani imeneyi ipite kwa anyakwawa kuti mudzi wonse uyambire kumtunda pamodzi.

Mafunso okambirana pa kalabu

1. Kodi m'mudzi mwathu muli zigwembe zingati zimene kunalibe zaka khumi zapitazo, ndipo madzi ake amachokera kuti?

2. Mtengo wa mbewu imene timadalira utatsika ndi theka chaka chino, banja lathu lingadye chiyani ndipo ngongole tingabweze bwanji?

3. Ndi minda ingati ya mamembala imene ili ndi akalozera, ndipo ndani angaphunzitse anzake kuyeza?

4. Agogo amene anaona malimidwe a nthawi ya atsamunda akutiuza zotani za matutu, mizere ndi migula?

Ntchito yoyeza akalozera ndi kutseka zigwembe ndi ya m'chilimwe, mukangotha kukolola, dothi lisanaume gwa. Pitani kwa alangizi a m'dera lanu akuthandizeni kuyeza mzere woyamba ndi kukuuzani kumene mungapeze mbewu ya vetiva ndi mbande za mitengo. America inali ndi ndalama zolipirira kulakwa kwake ndiponso malo ena othawirako. Ife a ku Nathenje ndi Mitundu tili ndi ekala yomweyi imene anatisiyira makolo, ndipo ana athu akuyang'ana pomwepo.